MOTO WOYENDETSA ZOMBO: KUCOKERA KU MALASHA KUFIKIRA KU MAGETSI

Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere, komabe malipiro a munthu wogwira nchito pa mgodi amadzera pa nyanjapo. Mkuwa ukacoka ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola, umayenda ulendo wautali pamtunda kufikira ku madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Durban, ndipo kumeneko umakwezedwa m'zombo zopita kwa ogula. Katundu woposa magawo 80 mwa 100 wa malonda a pakati pa maiko amayenda motero. Cifukwa cace mbiri ya moto woyendetsa zombo, ndi ya anthu osonkhezera motowo, iri yoyenera kuidziwa pa migodi.

Kwa zaka zikwi zambiri zombo zinali kudalira mphepo yokankha matanga. Mphepo ikaleka, amalinyero anali kungodikira. M'zaka za m'ma 1800 makina a nthunzi anacotsa bvuto limeneli, koma anadza ndi nchito yowawa. Pansi peni-peni pa combo panali cipinda ca ng'anjo, kumene dzuwa silinali kufika. Ena anali kututa malasha pa wilibala, ena kuwaponya pa moto ndi fosholo, maola 4 osaleka, m'kati mwa kutentha ndi pfumbi. Combo ca Titanic, cimene cinamira mu 1912, cinali ndi ng'anjo 159 zonyeketsa malasha oposa matani 600 tsiku liri lonse, ndipo malasha onsewo anali kupita pa moto ndi manja a anthu. Munthu amene analaishapo miyala pansi pa mgodi safuna womufotokozera kulemera kwa nchito yotere.

M'caka comweco ca 1912, ku Copenhagen m'dziko la Denmark anatsiriza combo ca Selandia, ndipo cinapita ku Bangkok. Anthu a m'madoko anazizwa pakuona kuti ciribe cumuni, pakuti cinali kuyenda ndi injini za mafuta za mtundu umene anautulukira Rudolf Diesel wa ku Germany. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, zombo zambiri za nthunzi nazonso zinaleka malasha ndi kuyamba kutentha mafuta. Olympic, combo copangidwa mofanana ndi Titanic, cinasinthidwa motero pofika 1920, ndipo anthu a ku makina ace anatsika kucokera pa 350 kufika pa 60. Otsalawo anapumula ku fosholo. Ena onse anakafuna nchito kwina. Kusintha kotere kunafikanso pa nyanja ya Tanganyika: combo ca Liemba, codziwika bwino pa doko la Mpulungu, cinacotsedwa makina a nthunzi ndi kuikidwa a dizilo m'zaka za m'ma 1970.

Makina sanalekezere pamenepo. Mu 1956 Malcom McLean wa ku America anakweza mabokosi acitsulo 58 pa combo ca Ideal X, kucokera ku Newark kunka ku Houston. Bokosi lotere limanyamulidwa lathunthu ndi makina, popanda kumasula katundu wa m'kati. Nchito imene inali kutenga gulu la onyamula katundu masiku ambiri inayamba kutha m'maola owerengeka, ndipo madoko akale a mu mzinda wa London anatsekedwa limodzi-limodzi kufikira 1981. Mu 1961 dziko la Japan linapanga Kinkasan Maru, combo cimene injini yace inali kulamulidwa kucokera pamwamba, pamalo a woyendetsa. Lero combo conyamula mabokosi oposa 20,000 cimayenda ndi amalinyero pafupifupi 25 okha.

Tsono mafutawo anali ndi coipa cao. Eni zombo anazolowera kugula mafuta otsika mtengo, ndiwo masenga otsala poyenga petulo ndi dizilo, akuda ndi olimba ngati phula, oyenera kutenthedwa asanalowe mu injini. Mafuta amenewa ali ndi sulufule wambiri, ndipo utsi wace ndi wa mtundu umodzi ndi senta amene anthu a ku Mufulira amdziwa, wotsokomoletsa ana ndi kuumitsa ndiwo m'dimba. Anthu okhala pafupi ndi madoko anaupuma zaka zambiri. Pa 1 January 2020 bungwe la maiko loyang'anira za zombo, la International Maritime Organization, linatsitsa malire a sulufule m'mafuta kucokera pa magawo 3.5 mwa 100 kufika pa 0.5.

Bvuto lina linatsala. Zombo zimatulutsa pafupifupi magawo 3 mwa 100 a mpweya wonse wocokera ku nchito za anthu umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Mu 2023 maiko a m'bungwe lija anapangana kuti pofika ca m'ma 2050 zombo zileke kuonjezera mpweyawo. M'caka comweco combo ca Laura Maersk cinayamba kuyenda ndi methanol, mtundu wa mowa waukali wosamwedwa, umene ukhoza kupangidwa kucokera ku zinyalala zoola. Cina, ca Pyxis Ocean, cinaikidwa matanga awiri olimba, atali mamita oposa 37, otembenuzidwa ndi makina. Motero mphepo imene inatayidwa kale inabwerera kudzathandiza injini. Akatswiri akuyesanso ammonia, amene alibe mwaye koma ndi poizoni ngati adontha. Mafuta atsopano onsewa akali okwera mtengo, ndipo mtengowo udzalowa pa katundu yense wokwera combo, mkuwa wopita ndi feteleza wobwera.

Ku Norway kuli combo ca Yara Birkeland, cotalika mamita 80, cimene cinayamba kunyamula feteleza mu 2022 kucokera ku Porsgrunn kunka ku Brevik. Ciribe ng'anjo kapena thanki la dizilo. Cimayenda ndi mabatire. Cinapangidwa kuti m'kupita kwa nthawi cidziyendetse cokha, anthu akuciyang'anira ali pamtunda, ngakhale kuti cinayamba nchito ciri ndi amalinyero ocepa m'kati.

Pa masinthidwe onsewa, utsi unacepa ndipo manja ofunika anacepanso. Nchito yotsala inapita kwa odziwa makina ndi magetsi, monga momwe zikucitikira pansi pa migodi. Koma combo ca magetsi sicingayende popanda mawaya ndi mainjini okulungidwa ndi mkuwa. Mkuwa umene kale unali katundu cabe m'mimba mwa combo, tsopano ukufunika kuti comboco ciyende.