Roger Scruton: Chipembedzo ndi Nkhondo Yolimbana ndi Uchigawenga

Malemu Sir Roger Scruton anali katswiri wa filosofi wa ku Britain komanso mmodzi mwa akadaulo otchuka pa ndale zoteteza miyambo ndi chikhalidwe cha makolo. Iwo anabadwa pa 27 February 1944 ndipo anamwalira pa 12 January 2020. Anaphunzitsa pa Birkbeck College mumzinda wa London, ndipo kuyambira 1982 mpaka 2001 anali mkonzi wa magazini ya The Salisbury Review.

Maganizo awo pa nkhani ya uchigawenga ali m'buku lotchedwa The West and the Rest, lomwe linatuluka m'chaka cha 2002, kutsatira chiwembu chomwe gulu la al-Qaeda linachita ku America pa 11 September 2001.

M'bukuli a Scruton anati mphamvu ya maiko a azungu yagona pa kukhulupirika kwa nzika ku dziko lawo ndi ku malamulo opangidwa ndi anthu, omwe anthuwo angathe kuwasintha. Iwo anati dongosololi linaphuka kuchokera ku malamulo a Aroma ndi ku Chikhristu, chomwe chimasiyanitsa za Kaisara ndi za Mulungu. Koma m'Chisilamu, malinga ndi a Scruton, lamulo limachokera kwa Mulungu ndipo silidziwa malire a maiko. Choncho wachinyamata yemwe wazulidwa kwawo, osazika mizu kumene wapita, amasanduka nyambo ya magulu olalikira chidani.

Chochititsa chidwi n'chakuti mkuluyu analozanso chala azungu anzake. Iwo anati malonda ndi zosangalatsa zawo zafalikira padziko lonse n'kugwedeza miyambo ya eni, pomwe azunguwo ataya chikhulupiriro chomwe chinkawamanga pamodzi. Motero analimbikitsa kuti maiko achepetse obwera ndi kuleka kupereka mphamvu zawo ku mabungwe monga European Union.

M'nkhani yomwe analemba mu City Journal m'chaka cha 2009, a Scruton anati gwero la uchigawenga ndi mkwiyo wosungidwa mumtima, ndipo chida chouthetsera ndi kukhululuka, komwe anakutcha mphatso ya Chikhristu.

Otsutsa amati a Scruton anaika Asilamu onse m'thumba limodzi. Mfundoyi ili ndi mutu, chifukwa maiko monga Senegal ndi Indonesia, komwe Asilamu ndi ochuluka, akhala akusintha atsogoleri awo kudzera m'zisankho.