Batani Lotumizira Fomu pa Intaneti

Ili ndi batani limene munthu amadina akamaliza kulemba fomu ya pa intaneti. Mu HTML, chiyankhulo cholembera masamba a pa intaneti, limapangidwa ndi input type="submit", ndipo mawu olembedwa pabatanipo amaikidwa mu value. Wokonza fomu ya alimi a khofi ku Misuku, m'boma la Chitipa, angalembepo "Tumizani", kapenanso mawu a Chisukwa kapena Chindali. HTML 2.0 ya mu 1995 inalola kale kuti chithunzi chikhale batani kudzera mu type="image". Chithunzicho chimatumizanso manambala a x ndi y osonyeza pamene chala chakhudza. Vuto lake n'lakuti chimadya bandulo, ndipo netiweki ikafooka kumapiri sichioneka. Mawu a alt, ofotokoza chithunzicho, asamasiyidwe, chifukwa ndiwo amaoneka chithunzi chikakanika, ndiponso ndiwo amene foni imawerengera anthu osaona.