Chitseko cha payini chovala malaya a mukwa

Mukaona chitseko chachitsulo kapena kabati ya payini yopakidwa penti mpaka kuoneka ngati mukwa, musaganize kuti nzeru imeneyi yabwera ndi TikTok. Ndi yakale zedi, ndipo imadzuka nthawi zonse pamene mtengo wabwino wakwera mtengo.

Aigupto akale analibe nkhalango zoti n'kuchekamo matabwa aakulu. Mkungudza ankachita kuuitanitsa ku Lebanon pa ngalawa, choncho amisiri awo ankajambula mizere ya thabwa lodula pa zinthu zotchipa. Koma kumene luso limeneli linafika pachimake ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Anthu olemera ankakhoma zitseko za mahogany ochokera ku Caribbean, pamene anthu wamba anali ndi payini. Wopaka penti ndiye ankachotsa manyaziwo. Ankayamba ndi penti yoyererako, n'kuisiya iume. Pamwamba ankapaka utoto wakuda wopyapyala, umene nthawi zambiri ankausungunula ndi mowa (inde, mowa womwewu), ndipo usanaume ankaukoka ndi chipeso chachitsulo kapena chachikopa, nthenga, ndi chala chokulunga m'kansalu. Vanishi inkabwera pomaliza.

Katswiri wa onse anali Thomas Kershaw, wobadwira ku Lancashire mu 1819. Anaonetsa ntchito zake pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, ndipo ku Paris mu 1855 analandira mendulo ya golide. Zina mwa ntchito zakezo zikusungidwabe ku Bolton ndi ku Victoria and Albert Museum. Si onse anaombera m'manja. John Ruskin, m'buku lake la 1849 lotchedwa The Seven Lamps of Architecture, anadzudzula mchitidwewu kuti ndi bodza: thabwa lizioneka mmene linabadwira. Ine ndimaona kuti a Ruskin ankalankhula ngati munthu wokhuta. Amene bambo ake analemera ndi malonda a vinyo savutika kukonda mahogany enieni.

Kuno kwathu nkhani inayenda mosiyana. Pamene azungu ankamanga Fort Jameson mu 1899, tauni imene lero ndi Chipata, mukwa ndi mbawa zinali pafupi. Kalipentala sankafunikira kunamizira chinthu chimene chinali kuseri kwa phiri. M'midzi ya ku Kasenengwa nakonso amayi ankakongoletsa nyumba pozira ndi mtsiro, dothi lakuda, lofiira ndi loyera, ndipo dothilo silinkadzitcha dzina lina. Linali dothi basi.

Thabwa lonamizira linalowa m'nyumba zambiri za m'tauni kudzera pa Formica, imene inayambira ku Cincinnati mu 1913 ndipo pambuyo pake inayamba kusindikizidwa mizere ya mtengo. Amene munakulira pa tebulo la agogo lonyezimira, lomatuka m'makona, mukuidziwa.

Chimene chasintha kwenikweni ndi thengo. Minda yakula, fodya wowamba amadya nkhuni zambiri, ndipo makala akupita m'tauni pa njinga tsiku lililonse. Kenako kunabwera mpikisano wa mukula, mbale wake wa mukwa, umene unkatumizidwa ku China, ndipo boma linaletsa malondawo mu 2017. Mukwa umakula pang'onopang'ono; mtengo umene angacheke lero unamera makolo anu asanabadwe. Ndiye wachinyamata amene akuyamba banja ku Kapata kapena ku Mchini ali pamene panali mlembi wa ku London wa mu 1860: maso akufuna mukwa, thumba likuloza payini. Njira yake ndi yomwe ija ya Kershaw, kungoti chipeso chachitsulo chalowedwa m'malo ndi chipangizo charaba chimene amachikoka uku akuchigwedeza, kapena chidutswa cha patapata chodula mano.

Pamene a Ruskin ali ndi mfundo ndi pa msika. Kupaka chitseko chako kuti chikongole si mlandu, koma kugulitsa payini wopaka pa mtengo wa mukwa ndi kuba. Musanalipire, nyamulani: mukwa umalemera kuposa payini. Kandani pang'ono pamalo obisika muone ngati mkati muli moyera. Ndipo yang'anani pamwamba pa chitseko, pamene thabwa linadulidwa. Pa mukwa weniweni mizere imapitirira mpaka m'kati, pamene ya penti imathera pa kona.