Namfedwa

Mawu akuti "namfedwa" amachokera ku mneni "kufedwa", ndipo amanena za munthu amene imfa yamulanda wake. Akachuluka timati anamfedwa. Pamaliro ndiwo osamalidwa: amayi amagona nawo m'nyumba ya siwa, adzukulu amawakumbira manda, chipepeso chimaperekedwa kwa iwo.

Koma malemu akakhala kuti anadzipha, mawuwa amapepuka pakamwa pa anthu. Okhuza maliro amafika ndithu, koma ambiri amangonong'onezana za ngongole, za m'banja, za amene analephera kuona kuti zinthu sizili bwino. Mipingo ina imakana kuyendetsa mwambo wonse. Lamulo nalo linawonjezera manyazi, poti gawo 229 la Penal Code ya Malawi linanena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Mayi wofedwa motere amalira uku akudzifunsa chimene analakwa, pamene nthawi zambiri palibe chimene analakwa.

Palinso ena amene mawuwa sawafikira. Mnzake wa malemu wa ponda apa nane mpondepo satchedwa namfedwa chifukwa si wachibale. Iye amatumidwa kukawaza nkhuni, ndipo ndi ochepa amene amakumbukira kumupepesa.