Cigumula ca pa Kariba ndi Nzeru ya Ciwerengero

Munthu ali yense wofuna kumanga ulalo, kapena kuchinga mtsinje ndi cipupa, ayenera kuyamba wayankha funso limodzi lobvuta, ndilo lakuti: kodi madzi ocuruka koposa amene adzadutsa pano adzafika pati? Anthu a kumudzi pomanga ulalo wa mitengo amafunsa nkhalamba, ndiponso amayang'ana zinyalala zimene madzi a zaka zapitazo anazikoleka m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Koma mmisiri womanga cipupa coti cikhale zaka mazana sangakhutire ndi zinyalalazo. Iye akacepetsa njira ya madzi, cipupa cidzagwa ndi kupha anthu. Akaikulitsa kopitirira, adzamwaza ndalama zimene zikadamanga masukulu ndi zipatala. Mbiri ya Kariba itionetsa m'mene anthu ophunzira anayesera kuyankha funsoli ndi masamu, ndi m'mene mtsinje wa Zambezi unawaongolera.

Nzeru yoyerekeza madzi osefukira ndi ciwerengero si yakale kwambiri ai. M'caka ca 1914 amisiri awiri a ku America, Weston Fuller ndi Allen Hazen, anaonetsa kuti zolembedwa za mitsinje zingathe kuuza munthu kuti madzi a msinkhu wakuti amabwera kamodzi pa zaka zingati. Mu 1928 Angerezi awiri, Fisher ndi Tippett, anapeza malamulo a masamu a zinthu zopambana zinzace zonse pa kukula kapena pa kucepa. Tippett sanali munthu wa mitsinje konse: anali kugwira nchito yofufuza za thonje, ndipo anazindikira kuti ulusi umaduka pamene pali pofooka koposa, cotero cofunika kuciwerenga ndi malo ofookawo, osati kulimba kwa ulusi wonse. Amene anatengera malamulowa ku mvula ndi mitsinje ndiye Emil Gumbel, Mjeremani amene anacotsedwa nchito pa sukulu yaikulu ya Heidelberg mu 1932 cifukwa cotsutsana ndi anthu a Hitler, nakafika ku America mu 1940.

Njira yace, tikaifotokoza mwacidule, iri motere. Pa caka ciri conse mmisiri atenga nambala imodzi yokha, ya tsiku limene mvula inagwa koposa, kapena limene mtsinje unadzaza koposa. Nambalazo aziika m'ndondomeko kuyambira yaing'ono kufikira yaikulu, nazilemba ngati timadontho pa pepala lokhala ndi mizere yace yace. Timadonthoto timandandalika pafupifupi mu mzere woongoka. Tsono iye atalikitsa mzerewo kupitirira pamene zolembedwa zathera, nawerenga pamenepo madzi a kamodzi pa zaka 100, kapena pa zaka 1,000. Njirayi ndi yabwino, koma mbali yotalikitsayo iri ngati kulondola mapazi a nyama pa thanthwe: munthu angoganizira kuti nyamayo inapitabe kumene inaloza.

Mau akuti "kamodzi pa zaka 100" asokeretsa ambiri. Sakutanthauza kuti mtsinje ukasefukira caka cino udzapumula zaka 99. Tiyerekeze thumba la nyemba 100, zoyera 99 ndi yakuda imodzi. Caka ciri conse munthu apisamo dzanja osayang'ana, aturutsa nyemba imodzi, naibwezeramonso. Yakudayo ingathe kuturuka lero ndi kuturukanso mawa, pakuti thumba silikumbukira za dzulo. Akatswiri awerenga kuti mwa maulalo 100 omangidwa molingana ndi madzi a kamodzi pa zaka 100, pafupifupi 40 adzakomana ndi madzi otero zisanathe zaka 50. N'cifukwa cace zipupa zazikulu sazimangira madzi a zaka 100, koma a zaka 1,000 kapena 10,000.

Mu 1955 Boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland linasankha kuchinga Zambezi pa mpata wa Kariba, kuti lipeze magetsi a migodi ya mkuwa ndi a mizinda ya Southern Rhodesia. Wolinganiza cipupaco anali André Coyne wa ku France, ndipo ocimanga anali kampani ya ku Italy yochedwa Impresit. Cipupaco cinayenera kutalika mapazi 420, ndiwo mamita 128. Amisiri analinganiza zitseko zinai zoturutsira madzi osefukira.

Kodi amisiriwo anali ndi zolembedwa zotani? Msinkhu wa Zambezi unayamba kulembedwa pafupi ndi mathithi a Victoria Falls mu 1907, motero anali ndi mbiri ya zaka zosakwana 50. Mvula yodzaza mtsinjewu imagwa kutali, ku Mwinilunga ndi ku Angola, kumene zoyesera mvula zinali zapatalipatali. Madzi ace amayamba afalikira m'dambo lalikulu la ku Barotse, nacedwa m'menemo masabata ambiri asanafike ku mathithi. Koma kunsi kwa mathithi kuli mitsinje ina, monga Gwayi ndi Sanyati, imene imadzaza msanga mvula ikagwa. Coopsa cacikulu ndico cakuti madzi ocedwa a kumtunda afike nthawi imodzi ndi madzi ofulumira a pafupi.

Akulu anati, cakudza siciimba ng'oma. M'mwezi wa March 1957, nchito iri mkati, Zambezi anadzaza kuposa zaka zonse zolembedwa. Amisiri amayesa madzi oyenda ndi muyeso wochedwa kyubiki mita, ndipo kyubiki mita imodzi idzaza migolo isanu ya malita 200. Caka cimeneco pa Kariba panadutsa makyubiki mita oposa 8,000 pa sekondi iri yonse. Madzi anakwera pamwamba pa mpanda wa simenti umene unamangidwa kuti antchito akumbe maziko pouma, naononga zipangizo zambiri. Anthu ambiri anaganiza kuti, popeza madzi otere abwera kamodzi pa zaka zambirimbiri, tsoka lapita.

Koma dzinja lotsatira mvula inagwa yambiri kumtunda ndi kunsi komwe. M'miyezi ya February ndi March 1958 mtsinje unakwera mapazi oposa 100 pamwamba pa msinkhu wace wa m'cilimwe, ndipo madzi anafika pa makyubiki mita pafupifupi 16,000 pa sekondi, ndiyo migolo 80,000 pa kuphethira kumodzi kwa diso, kuwirikiza kawiri madzi a caka catha. Mpanda wozungulira wa pakati pa mtsinje unamira, ulalo wa magalimoto unakokoloka, ndipo ulalo wa zingwe wodutsapo anthu unaduka nawonso. Atonga a m'cigwa ca Gwembe, amene okwana 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anali kusamutsidwa m'midzi ya makolo ao kuti nyanja ilowemo, anati Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya. Caka comweco ca 1958 Gumbel anasindikiza ku New York buku lace lalikulu la masamu a zinthu zopambana, lochedwa Statistics of Extremes.

Amisiri sanataye masamu ao, koma anaonjezamo nambala ziwiri zatsopanozo, ndipo mzere wa pa pepala unapendekera m'mwamba. Madzi amene poyamba anaoneka ngati osayembekezeka m'mibadwo yambiri, tsopano anaoneka kuti angathe kubweranso cipupa cikali ciriri. Pamenepo anasintha mapulani, naika zitseko zisanu ndi cimodzi m'malo mwa zinai. Tinganene kuti cigumulaco cinadza pa nthawi yabwino, pakuti cikadacedwa zaka zocepa cikadapeza cipupa cotha kale ndi njira ya madzi yocepa. Mtsinje unatsekedwa mu December 1958, ndipo Mai wa Mfumukazi ya ku England anatsegulira nchitoyo mu May 1960. Anthu 86 anafa pomanga.

Zitseko zisanu ndi cimodzizo zituruta madzi pafupifupi makyubiki mita 9,500 pa sekondi, amene ali ocepa poyerekeza ndi a 1958. Cotsalaco ciyenera kusungidwa m'nyanja momwemo. Cifukwa ca ici pali lamulo lakuti mvula isanayambe nyanja itsitsidwe kufikira msinkhu woikika, kuti madzi osefukira apeze malo. Lamulo limeneli nalonso licokera m'ciwerengero ca mvula ndi ca mtsinje, ndipo kuyambira 1987 oliyang'anira ndi bungwe la Zambezi River Authority, la maiko awiri a Zambia ndi Zimbabwe.

Panali phunziro linanso limene thumba la nyemba lija silifotokoza. Mu 1951 Mngerezi wina, Harold Hurst, amene anatha zaka zambiri akuyesa mtsinje wa Nile, anaonetsa kucokera m'zolembedwa za zaka mazana ambiri kuti zaka za mvula zimakonda kutsatana, ndi zaka za cirala zimatsatananso. Zambezi wacita comweco. Kufikira 1981 madzi anali ambiri, zitseko zinatsegulidwa kawirikawiri, ndipo madzi ogwa kucokera pamwamba anakumba dzenje m'thanthwe la kunsi kwa cipupa lakuya pafupifupi mamita 80. Nchito yokonza dzenjelo, kuti lisadye maziko, inayamba mu 2017. Pambuyo pa zaka za madzizo panadza zaka zouma, monga 1992, 2019 ndi 2024, pamene nyanja inaphwa ndi magetsi anasowa. Wolemba mbiri ya mtsinje m'zaka zouma zokha adzanyengeka, pakuti madzi saiwala khwawa.

Cifukwa ca zotere, akatswiri a masiku ano sadalira njira imodzi. Mu 1961 David Hershfield wa ku America anasonkhanitsa zolembedwa za zoyesera mvula zambirimbiri, nakonza njira yoyerekezera mvula yaikulu koposa imene ingathe kugwa pa malo. Ena amaphatikiza zolembedwa za madera ofanana, kuti kufupika kwa mbiri ya malo amodzi kucepe mphamvu. Ndiponso popeza dziko lirikutentha, ndipo mpweya wofunda umasenza cinyezi cambiri, nambala zakale ziyenera kuyesedwanso nthawi ndi nthawi. Pa ciwerengero cimeneci pakhala moyo wa anthu a ku Chirundu, a ku Luangwa, ndi a ku Tete kunsi kwa cipupa ca Cahora Bassa.

Tsono masamu onsewa, ngakhale ali ozama, aima pa nchito yooneka yonyozeka. Mphunzitsi wa pa mishoni, kalaliki wa pa Boma, kapena mlangizi wa zaulimi amene m'mawa uli wonse atsanulira madzi a m'coyesera mvula m'kabotolo kace nalemba nambala m'buku, ndiye amene apatsa mmisiri timadontho ta pa pepala. Tsiku la mvula yoopsa, pamene munthu safuna kuturuka m'nyumba, ndilo tsiku limene nambala yace ifunika koposa masiku ena onse a caka. Wolemba nambala ya m'mutu pa tsiku lotero anamiza anthu amene sanabadwe, amene adzaoloka pa ulalo womangidwa molingana ndi bodza lace.