Kutangadza miyendo kwa maunda ndi anapiye: chiyambi ndi kapewedwe kake

Kutangadza miyendo ndi chilema chomwe chimagwira mbalame zongoswedwa kumene. Miyendo imafutukukira m'mbali m'malo mokhala pansi pa thupi, ndipo kambalameko kamalephera kuimirira. Vutoli limakhudza oweta nkhunda ndi nkhuku kulikonse, kuphatikizapo mabanja okhala m'maesiteti a tiyi a ku Honde Valley ndi ku Chipinge, m'chigawo cha Manicaland ku Zimbabwe, omwe ena mwa iwo makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Kwa banja lodalira malipiro othyola tiyi, chiweto chilichonse ndi ndiwo kapena ndalama.

Chiyambi chake

Chifukwa chachikulu ndi kuterera kwa pansi pa chisa. Ambiri amakonza zisa ndi mabokosi a matabwa, zigubu zodula kapena makatoni. Zikhadabo zikasowa pogwira, miyendo imatsetsereka, ndipo popeza mafupa amakhala akadali anthete, amakhwima ali chopindika.

Nkhunda imaikira mazira awiri ndi kuwafungatira kwa masiku pafupifupi 18. Maunda awiri amatsamirana. Likaswa dzira limodzi lokha, kamwanako kamasowa potsamira ndipo kamapsinjika ndi kulemera kwa kholo lake.

Chifukwa china ndi zakudya. Chimanga ndi madeya zili ndi kashiamu wochepa. Kusowa kwa kashiamu ndi vitamini D3 kumafewetsa mafupa, pomwe kusowa kwa vitamini B2 kumapinditsa zala za anapiye.

Kapewedwe

Pakati pa chisa pakhale polowa ngati mbale. Payalidwe udzu wouma, timitengo kapena masamba a paini, ndipo pulasitiki ndi nyuzipepala zipewedwe. Ulusi wa matumba ndi woopsa chifukwa umakulunga zala mpaka kuziduka.

Madera awiriwa amalandira mvula yambiri, choncho zoyala zisinthidwe zikangonyowa, ndipo khola liyang'aniridwe kuti musakhale utitiri. Dzira losaswa lingasiyidwe m'chisa kwa masiku angapo kuti mwana wotsala yekhayo atsamirepo.

Mbalame zoikira zipatsidwe makoko a mazira owiritsa ndi osinja, nyemba kapena soya wokazinga, masamba obiriwira, komanso mpata woothera dzuwa. Anapiye a nkhuku, omwe amaswedwa pakatha masiku 21, aikidwe pa chiguduli kapena pa zopalidwa za matabwa.

Chithandizo

Chilemachi chimawongoleka chikapezeka m'sabata yoyamba. Miyendo imangidwe ndi kansalu kofewa pamwamba pa zikhatho, kusiya mpata wofanana ndi kaimidwe kabwino ka mbalameyo. Mfundo zionedwe tsiku ndi tsiku, poti mwendo umakula msanga ndipo chomangira chikathina chimatseka magazi. Mafupa akakhwima, mwayi wochira umachepa kwambiri.

Mbalame zambiri zikalemala nthawi imodzi, kapena zazikulu zikayamba kupinda khosi, oweta adziwitse alangizi a ziweto mwamsanga, chifukwa chimenecho chingakhale chizindikiro cha matenda opatsirana monga chitopa.