Wamisala Pamaso pa Chingwe

Anthu a kunsi kwa mapiri a Dedza, ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, sasowa mawu onenera munthu amene mutu wake sukuyenda bwino. Amasiyanitsa wopenga ndi wakhunyu, amadziwa amene adazungulira mutu atadwala malungo aakulu ali mwana, amadziwanso amene chamba chidamuononga. Mudzi umasunga mbiri ya wodwala wake: chaka chomwe adayamba kuyankhula yekha, sing'anga amene adamuyesa, tsiku lomwe adammanga ndi luzi. Koma wodwalayo akapha munthu, kwa zaka zambirimbiri lamulo la dziko lino linalibe khomo lolowetsera mbiri imeneyi pogamula chilango.

Muyeso wa misala umene makhoti athu amagwiritsa ntchito udabadwira ku London m'chaka cha 1843. Daniel M'Naghten, pokhulupirira kuti a chipani cholamula akumlondalonda, adaombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel. Khoti litammasula kaamba ka misala, anthu adakwiya, ndipo oweruza akuluakulu adalemba malamulo opanikiza. Malamulowo ndiwo adalowa m'buku la milandu la Nyasaland, ndipo akadalimo. Gawo 11 likuti munthu aliyense ngwabwinobwino kufikira atasonyeza kuti sali tero. Gawo 12 likufunsa chinthu chimodzi: pa nthawi yeniyeni yopalamulayo, kodi nthenda ya maganizo idamlepheretsa kuzindikira chimene akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita?

Taonani kuchepa kwa khomo limeneli. Munthu amene amamva mawu omuuza kuti mbale wake akumtamba angathe kudziwa bwino lomwe kuti chili m'manja mwake ndi nkhwangwa, ndi kuti boma limaletsa kupha. Kumudzi onse amuti wamisala. Kukhoti ngwamoyo ngati ine ndi inu. Ndipo poti gawo 210 linkati wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aphedwe basi, woweruza analibe mpata woti achepetse chilango chifukwa cha matendawo. Chifundo chinkatsalira Bwanamkubwa ndi aphungu ake ku Zomba, anthu amene mwina sadapondeko pa Mtakataka.

Nanga wopulumuka chingwe ankapita kuti? Malo osungirako amisala adatsegulidwa ku Zomba mu 1910, ndipo anali nthambi ya ndende yaikulu, oyang'anira ake ali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chidabwera mu 1953. Ku Mua ansembe a White Fathers adafika mu 1902, ndipo akhate adapeza powasamalira pomwepo kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Koma wamisala ulendo wake unali wa ku Zomba, kudzera ku Balaka ndi Liwonde, kutali ndi aliyense wodziwa chiyambi cha nthenda yake.

Ufulu wa 1964 sudasinthe izi. Mu 1969, nkhani ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe ili m'kamwam'kamwa, boma la Dr Banda lidapatsa makhoti a makolo mphamvu yozenga milandu yakupha. Pa mpando padakhala mafumu, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa loya. Apa pali chodabwitsa. Mafumu ndiwo amadziwa za amisala kuposa jaji wachingerezi, popeza mwambi woti wamisala adaona nkhondo adakula nawo. Koma chilango chinali chomangidwa kale m'buku, ndipo munthu wosokonezeka mutu, wopanda womuyankhulira, akadaitanitsa bwanji dokotala? Kunyonga kudapitirira ku ndende ya Zomba mpaka 1992. Kuyambira 1994 Bakili Muluzi adakana kusaina zikalata zonyongera, ndipo om'tsatira adachita chimodzimodzi. Chingwe chidapachikidwa pakhoma, koma makhoti adapitiriza kugamula imfa, anthu nkumakalambira m'chipinda cha oyembekeza kuphedwa, kumene ngakhale wolowa wamoyo angathe kupenga.

Mlandu umene udathyola mwambowu nawonso unali ndi nkhani ya mutu mkati mwake. Francis Kafantayeni adapha mwana wamng'ono wa mkazi wake, ndipo adauza khoti kuti adachita izi mutu utazungulira ndi chamba. Khoti lidagamula kuti aphedwe. Iye ndi akaidi ena asanu adakasuma, ndipo mu April 2007 Khoti Lalikulu lidati chilango cha imfa chosapatsa woweruza mpata womva za munthuyo chikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Sikuti chamba ndi misala nchimodzi. Chomwe chigamulocho chidatsegula ndi ufulu woti matenda, umphawi ndi makulidwe a wolakwa zimveke chilango chisanaperekedwe.

Padatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti mawuwo asanduke ntchito. Kuyambira 2015, Khoti Lalikulu ku Zomba lidamvanso za akaidi oposa 150, mothandizidwa ndi Malawi Human Rights Commission, a PASI, Legal Aid Bureau, bungwe la Reprieve ndi yunivesite ya Cornell. Mafayilo ambiri anali atasowa. Tsono othandiza maloya adakwera njinga kulowa m'midzi kukafunsa amayi, atsibweni ndi anyakwawa, ndipo odziwa za matenda a maganizo adapima akaidi amene sadapimidwepo chiwamangireni. Ndiko kuti khoti lidapita kukapempha mbiri ija imene mudzi udali kusunga nthawi yonseyi. Palibe mmodzi yemwe adabwezeredwa ku imfa, ndipo oposa 100 adatuluka.

Nkhaniyi siidathe. Mu 2019 makhoti adagamulanso imfa pa milandu yopha anthu achialubino. Mu April 2021, pa mlandu wa Khoviwa, Khoti la Apilo lidamveka ngati lathetseratu chilangochi, koma mu August chaka chomwecho oweruza anzake a Jaji Dunstain Mwaungulu adati amenewo anali maganizo a iye yekha. Mu 2022 Lazarus Chakwera adasintha chilango cha akaidi 22 kukhala ndende ya moyo wonse. Gawo 12 lija likufunsabe funso la 1843, ndipo munthu wa ku Golomoti amene khoti likufuna kudziwa za mutu wake amatumizidwabe ku Zomba kukapimidwa.